Theka la Bisiketi

Joni, 10 Febuluwale 2024

Achemwali a Deliwe,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu, Betty wanu ndi mwana wanga Esime. Kuno ndili bwino, kungoti miyendo ikutupa. Nyumba ya Madamu ndi yosanja ndipo amafuna ndiziikolopa tsiku lililonse ngati kuti mumagona mbuzi.

Kalata ino ikubwera ndi a Timoti, a thiraki aja anakubweretserani bulangete chaka chatha. Akuti afika pa Boma Lachinayi kapena Lachisanu, malingana ndi mzere wa pa boda. Mukawadikire pamalo paja. Poti foni yanu inagwera m'chitsime, tabwerera ku makalata ngati makolo athu. Ine sindikudandaula. Pepala ndimaliwerenga kawiri katatu, n'kulipinda, n'kuliika pansi pa pilo.

M'katonimo muli shuga, mafuta ophikira, sopo wochapira wamtali uja, masamba a tiyi, soya ndi mchere. Ndikudziwa kuti si zambiri, koma inu mumatha kuzikoka. Pansi penipeni mupeza chitini chofiira cha mabisiketi. Chimenecho ndi cha Esime. Ndawerenga ndekha, alimo 60. Ndime yotsatirayi mumupatse awerenge yekha.

Esime mwanangu, ndamva kuti tsopano ukutha kuwerenga. Tsiku lililonse la sukulu uzitenga bisiketi imodzi, ikhale kamba wako. Imodzi yokha. Tsiku limene chitinicho chidzathe, ine ndidzakhala nditafika. Ndawerengera bwinobwino, zidzakumana ndi mwezi wa Meyi, manachesi a kuseri kwa nyumba atapsa. Udzandisungire a nthambi yam'munsi ija.

Achemwali, zaka zitatu ndi zambiri. Ndinamusiya mano akutsogolo akugwedera, lero sindidziwa kuti akaseka amaoneka bwanji. Ndiuzeni ngati atsopanowo anamera molunjika. Ndiuzeninso za mvula, za chimanga, ngakhale za mbuzi yopanda ulemu ija. Chilichonse cha kwathu ndikuchifuna.

Ndine mng'ono wanu,
Liness

Kanduku, 2 Malichi 2024

Liness mng'ono wanga,

Tonse tili bwino kupatula chimanga. Mvula inadula chikumasula ngayaye, ndiye chaima m'munda ngati anyezi. Tikuyang'ana kumwamba, koma kumwambako nakonso kukutiyang'ana. Mbuzi yako ija ilipo, ulemu sinaphunzirebe.

Katoni inafika bwino, zikomo. A Timoti anachedwa tsiku limodzi, ndinagona kwa mnzanga wa ku mvano pa Boma. Wakabaza atamva kulemera kwa katoni anayamba kunditchula kuti bwana.

Usade nkhawa, katoniyi itifikitsa kutali. Shuga ndimathira muketulo ndekha, supuni sifika pamphasa. Alamu ako akuti tiyi wanga amangomva mbiri ya shuga, ndawauza kuti akafuna wotsekemera akakwatire kwa a nzimbe. Mafuta ndi kachitsekerero ka botolo kamodzi pa ndiwo, ndipo tsiku lotendera ndi nsinjiro botolo limapuma. Sopo ndinamudula ndi ulusi tizidutswa, n'kutiika pamwamba pa khoma kuti tiume. Sopo wouma sathamanga m'madzi. Amayi athu ankatero, iwe unali wamng'ono, unkangodziwa kudya.

Mano a Esime anamera, akuluakulu ngati a iwe, ndipo pakati pali kampata. Watalika, akundifika paphewa. Ndime yake ija anawerenga katatu, kachitatu anawerengera nkhuku.

Tsono pa nkhani ya chitini, ndikuuze mosabisa, sizinandisangalatse. Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Waiwala mmene mwanayu anachitira bambo ake, a Melvin, atapita ku Tete? Anamuuza kuti adzabwera pakatha masabata awiri ndi nsapato. Mwana anakhala pansi pa mtengo wa mango wa kunjira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, miyezi itatu, osalankhula ndi munthu. Tinamuchotsapo ndi mvula. Mpaka lero ukatchula a Melvin amadzuka n'kutuluka panja. Iwe ndiwe wekha amene watsala kuti akukhulupirire, ndiye wakamangirira mawu ako ku chinthu chodyedwa.

M'mawa uliwonse amakhuthulira mabisiketi onse pambale, kuwerenga, kutenga imodzi, kubwezera enawo. Madzulo awerenganso, ngati kuti masana amaswana. Ine ndingoti, Meyi akhale Meyi.

Ndakuikira mfutso wa nkhwani ndi ufa pang'ono. Miyendoyo uziiika m'madzi ofunda a mchere.

Ndine,
Deliwe

Joni, 30 Malichi 2024

Achemwali,

Moni nonse. Mfutso ndinalandira. Nditautsegula chipinda chonse chinanunkhira kwathu, ndinakhala pabedi osaphika, kumangonunkhiza.

Ndili ndi nkhani yosakoma. Amayi awo a Madamu agwidwa ndi matenda ofa ziwalo mbali imodzi, ndipo awabweretsa kuno. Wowasambitsa, wowadyetsa ndi wowatembenuza ndine. Nditatchula za Meyi, Madamu anandiyang'ana ngati ndatukwana. Akuti mwina Ogasiti, mwina Disembala. Akutinso ndikachoka tsopano ndisadzabwerere, anthu ofuna ntchito ali mbwee pageti.

Pali chinanso chimene sindinakuuzeni. Masiku a m'pasipoti yanga anatha kalekale. Ndikangotuluka pa boda ya kuno adzandidinda chidindo choti ndisalowenso kwa zaka. Ndiye kubwera kwanga si kobwera kudzacheza. Ndikabwera, makatoni athera pomwepo, chonsecho mukuti chimanga chapserera. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndaima pakati ndikunyowa.

Chonde Esime musamuuze kaye. Ndipeza njira. Mwina agogowa achira msanga, mwina Madamu afewa mtima. Ndikungopempha nthawi pang'ono.

Ulendo uno katoni ndi yaing'ono, muli shuga ndi mafuta basi. Pepani.

Liness

Kanduku, 4 Meyi 2024

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Kusukulu ndinakhala nambala 6. Kalata iyi ndaibisa muthumba la mtedza, amayi aakulu sakudziwa.

Amayi, ndikufuna ndikuuzeni. Chiyambire teremu ino amayi aakulu sakundipatsanso bisiketi yathunthu. Amadula pakati ndi mpeni n'kundipatsa theka. Akuti shuga wambiri amaononga mano. Theka linalo amabwezera m'chitini. Kuti ndisamve njala amandiikira chimanga chokazinga kapena mbatata yootcha, nthawi zina chigumu. Koma ine sindifuna chigumu, ndikufuna chitini chithe.

Chitinicho anachichotsa pawindo, anachiika pamwamba pa khoma pamene pali sopo. Sindifikapo ngakhale nditakwera pamtondo. Sandilolanso kuwerenga.

Manachesi ayamba kupsa. A nthambi yam'munsi ndawamanga ndi kansalu kuti aliyense adziwe kuti ndi anu. Betty anafuna kuthyola limodzi, ndinamuluma.

Auzeni amayi aakulu azindipatsa yathunthu kuti mubwere msanga.

Ndine mwana wanu,
Esime

Joni, 18 Meyi 2024

A Deliwe,

Mtedza ndalandira, pamodzi ndi zimene munalibe nazo cholinga choti ndilandire. Mwana wandilembera.

Ndikufunseni, theka linalo likupita kuti? Mwana akuti mumabwezera m'chitini, koma chitinicho mwachikweza pamene maso ake safika, ndipo mwamuletsa kuwerenga. Munthu amabisa chinthu chikakhala bwino? Ngati Betty amasirira, bwenzi mutangondiuza. Sindine wouma mtima, ndikanagula ziwiri.

Shuga kokani, mafuta kokani, sopo muyanikeni mpaka asanduke mwala, sindinalankhulepo. Koma chitini chija si cha pa nyumba. Ndinachigula nditakhala sabata yathunthu ndikudya buledi ndi madzi. Ndi chinthu chokhacho chimene mwana wanga amagwira m'manja n'kunena kuti ichi chachokera kwa amayi anga. Inu mwachipititsa pa mpeni ngati sopo.

Mumandiuza kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Lero ndaona kuti wako yemwe amadya theka.

Ulendo wina nditumiza chitini china, chikhale cha Betty. Cha Esime mumubwezere pawindo.

Liness

Joni, 29 Juni 2024

Achemwali anga,

A Timoti abwera kawiri opanda kalata. Ulendo woyamba ndinati mwina munachedwa kufika pa Boma. Wachiwiri anandiuza kuti munabwera, munalandira katoni, munawafunsa ngati miyendo yanga ikutupabe, n'kutembenuka. Ndinaimba pa foni ya aphunzitsi a pafupi nanu aja, anati mwati muli kudimba. Ndinamva mawu anu kumbuyo mukuthamangitsa nkhuku.

Kuno kukuzizira koopsa. Agogo aja sakusintha. Ndikamawadyetsa phala amandigwira dzanja n'kumanditchula dzina la mwana wawo. Ndimawapukuta pakamwa ndikuganiza kuti wanga mwana akumupesa tsitsi ndani. Dzulo pamsewu ndinaona manachesi m'sitolo, oikidwa m'kaukonde, onse ofanana ngati opangidwa ku fakitale. Ndinagula limodzi. Linalibe fungo. Ndinalira pamaso pa anthu, mayi wina mpaka anandifunsa ngati andibera.

Mwina ndinalemba mopsa mtima. Koma inunso simunandiyankhe funso langa. Ngakhale kunditukwana, lembani. Meyi wadutsa, Juni akutha, ndipo sindikudziwa kuti mwana wanga akuti chiyani za ine.

Chitini chachiwiri chili m'katonimu monga ndinanenera.

Mng'ono wanu,
Liness

Kanduku, 20 Julayi 2024

Liness,

Tili moyo. Sindinakuyankhe chifukwa ndikanalemba mwezi wa Meyi uja, pepala likanapsa m'manja mwa a Timoti. Ndinati ndidikire mtima utsike. Watsika, koma osati wonse, ndiye uwerenge utakhala pansi.

Unafunsa kuti theka linalo likupita kuti. Likupita kwa iwe. Kalata yako ya mu Malichi itafika, yonena kuti Meyi walephereka ndipo mwana ndisamuuze, ndinatsitsa chitini n'kuwerenga. Munatsala 30. Masabata asanu ndi limodzi, chitini gwaa, amayi ake kulibe. Ndinaona mtengo wa mango uja m'maso mwanga. Unandipempha nthawi. Ine nthawi ndiitenga kuti? Sindine Madamu, sindine wa pa boda. Chimene ndimadziwa ine ndi kukoka zinthu. Ndiye ndinatenga mpeni n'kusandutsa masabata asanu ndi limodzi kukhala khumi ndi awiri.

Kukweza chitini pakhoma, chifukwa chake ndi mwana wako yemweyo. Ndinamupeza kuseri kwa khola akukakamiza Betty kuti adye mabisiketi asanu nthawi imodzi, ati amuthandize kumaliza. Betty anakana n'kubwera kudzandiuza. Mwana wangayo, amene iwe ukuti amasirira, chifikire chitinicho sanalaweko ngakhale kanyenyeswa. Amasiriradi, ndi mwana. Koma amadziwa kuti m'chitinimo muli masiku a mnzake.

Za mano ndinanama, inde. Ndanama zambiri chaka chino chifukwa cha iwe, ndipo Lamulungu ndimakhala kumbuyo.

Chitini chako chachiwiri sichinalowe m'nyumba muno. Ndinachisiya kwa mnzanga pa Boma. Unaganiza bwanji? Mwana amene akudikira kuti chitini chithe, aone china chodzaza chikutsika pa kabaza? Akanati amayi awonjezera chaka.

Tsono imva zimene zachitika, chifukwa ndi zimene zandilembetsa. Masabata awiri apitawo ndinatsitsa chitini, munali mutatsala bisiketi imodzi. Ndinagwira mpeni ndikuganiza kuti kapena ndiidule panayi. Esime anandigwira mkono. Anati, "Amayi aakulu, musadule. Ndinawerenga kalata ija munaibisa m'buku la nyimbo."

Ndinayamba kufotokoza za agogo odwalawo, za chidindo, koma anandidula. Anati, "Amayi anati chitini chikadzatha adzakhala atafika. Sichinathe. Ndiye sananame."

Kuyambira tsiku limenelo sanaidye. Waikulunga m'kapepala ka shuga, waibwezera m'chitini, chitinicho wachikhazika m'mbale ya madzi kuti nyerere zisakwere. Madziwo amasintha yekha. Kusukulu amapita ndi chimanga chokazinga osadandaula. Kumtengo wa mango sanapite, ndimamuyang'anira. Koma wasiya kufunsa za iwe, ndipo ukudziwa kuti ndi mmene anayambira ndi a Melvin.

Ine luso langa lathera pamenepa, mng'ono wanga. Shuga ndingakoke, mafuta ndingakoke, njala ya chaka chino tidzaikoka ndi maungu ndi ganyu monga tinachitira zaka zina iwe usanapite. Sitinafe. Koma bisiketi imodzi sindingaikoke mpaka Disembala. Yayamba kale kufewa. Tsiku lina adzatsegula n'kupeza nkhungu, ndipo tsiku limenelo sindidziwa kuti ndidzamuuza chiyani.

Sindikuuza chochita. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Nanenso ndakusowa, ngakhale uli ndi pakamwa ngati lumo.

Mwana wako wapempha kuti aikemo yake. Ulendo uno sanabise mu mtedza.

Mkulu wako,
Deliwe

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Pepani ndinawanenera amayi aakulu, sanalakwe.

Manachesi anu a nthambi yam'munsi anagwa okha. Ndinatola n'kupatsa Betty chifukwa ndinamuluma. Kumwamba kwatsala atatu, koma mbalame zikubwera.

Bisiketi yatsala imodzi. Sindidya. Musadandaule, ngati abwana anu akukana musafulumire. Ine ndikhoza kusunga.

Ndine mwana wanu,
Esime

Joni, 3 Ogasiti 2024

Achemwali anga a Deliwe,

Kalata zanu ziwiri ndinaziwerengera m'bafa la Madamu, chitseko nditakhoma, madzi nditatsegula kuti asandimve. Mawu amene ndinakulemberani mu Meyi aja ndikuchita nawo manyazi. Sindiwapepesa papepala. Ndidzawapepesa nditagwada pakhomo panu, Betty ali pomwepo.

Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi akundiuza kuti ndisafulumire. Achemwali, mawu amenewo andipweteka kuposa akanandinena kuti ndine wabodza. Ndinabwera kuno kuti iye asasowe kanthu, ndipo ndamuphunzitsa kusunga bodza la amayi ake m'mbale ya madzi.

Ndawauza Madamu. Anakalipa, kenako analira, kenako anafunsa ngati ndikudziwa munthu wina. Ndawapezera mtsikana wa ku Neno amene timapemphera naye, ndipo sabata ino ndikumuonetsa katembenuzidwe ka agogo aja. Agogowo sindinawauze, sangamve. Chidindo cha pa boda adinde, dzanja ndi lawo.

Ndiye konzekani, makatoni atha. Ino ndi yomaliza, ndaikamo shuga ndi mafuta ochulukirapo, ndi mbewu ya nyemba. Mudzandiphunzitse kudula sopo ndi ulusi ndi kuthira shuga muketulo, poti munati ine ndinkangodziwa kudya. Khasu ndikuganiza kuti sindinaliiwale. Chitini chili pa Boma chija mukachitenge, mumupatse Betty chonse, adye mmene akufunira, ngakhale asanu nthawi imodzi.

Kalata ino yatsogola ndi mnzawo wa a Timoti. Ine ndikwera ndi a Timoti eniake Lachiwiri pa 13, ndipo akuti mzere ukakhala wabwino tidzafika pa Boma Lachisanu masana. Musavutike kudzandichingamira, njira ya kwathu ndikuidziwa. Ndidzatsika pa kabaza pamtengo wa mango, ndidzayenda wapansi kuchokera pamenepo.

Tsiku sindikumulonjeza mwanayo, ndaphunzira. Mungomuuza kuti madzi a m'mbale apitirize kusintha, ndipo bisiketiyo asadye yekha. Kaya yafewa, kaya yachita nkhungu, ndikufuna tidzagawane, theka iye, theka ine.

Mpeni mudzagwire ndinu, achemwali. Palibe wina amene amadziwa kudula pakati penipeni.

Ndine mng'ono wanu,
Liness